Galimoto zakale ziikidwe ma indiketa, koma mwaluso

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi eni galimoto zakalekale monga Morris Minor, Volkswagen Beetle ndi Land Rover zoyambirira, zomwe timaziona zitanyamula akwati m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe. Zambiri zinatuluka kufakitale zopanda ma indiketa ophethira. Morris Minor, kufikira 1961, inali ndi kamkono kowala kotukuka m'mbali. Kamkono kameneka, ngakhalenso dzanja lotulutsa pazenera, dalaivala wa minibasi kapena wakabaza amene ali kumbuyo kwanu sakaona usiku kapena mvula ikugwa. Ikani ma indiketa, koma isakhale ntchito yongopota mawaya n'kukulunga tepi.

Musanagule kanthu, onani batire. Beetle zambiri zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 ndi za 6 volts, osati 12, ndiye mababu ndi flasher, kachipangizo kophethiritsa nyale, zikhalenso za 6 volts. Onaninso mutu wa batire womwe wamangidwa kuchitsulo cha galimoto. Galimoto zambiri za ku Britain za nthawi imeneyo zinkamanga mutu wa (+) kuchitsulo, mosiyana ndi zamakono. Babu wamba silisamala zimenezi, koma flasher yamakono yokhala ndi tizipangizo m'kati ikhoza kupsa mukailumikiza mozondoka.

Zofunika ndi nyale zinayi za mtundu wa lalanje, mababu a 21 watts, flasher imodzi, switchi yopita kumanzere, pakati ndi kumanja, fyuzi ya 10 amps, kanyale ka pa dashibodi, ndi timalabala toika pabowo lililonse lodutsa waya. Timalabala timeneti anthu amatinyoza, chonsecho chitsulo chakuthwa n'chimene chimasenda waya pang'onopang'ono mpaka galimoto kuyamba kufuka. Pa 12 volts waya wa 1 mm² akukwana. Pa 6 volts gulani wa 1.5 mm² kapena wonenepa kuposa apo, chifukwa babu la 21 watts limakoka 3.5 amps pomwe pa 12 volts limakoka 1.75 basi, ndipo waya woonda amafoola moto usanafike kumbuyo.

Moto utengedwe pa waya yemwe amakhala ndi moto mukatsegula kiyi, udutse pa fyuzi, ulowe mu flasher pa phazi lolembedwa 49, kapena B kapena X. Kuchokera pa 49a, kapena L, waya apite pakati pa switchi. Pa switchipo patuluke mawaya awiri, wina wa nyale ziwiri zakumanzere, wina wa ziwiri zakumanja. Phazi la P ndi la kanyale ka pa dashibodi, ndipo 31 ikakhalapo imapita kuchitsulo. Ngati galimoto ndi ya ku Britain, tsatirani mitundu ya mawaya ya Lucas, kampani ya ku Britain ya zamagetsi a galimoto: wobiriwira wa mzere wofiira kumanzere, wobiriwira wa mzere woyera kumanja, wakuda kuchitsulo. Makaniko yemwe adzaigwire mtsogolo sadzavutika.

Pomwe ntchito zambiri zimalakwika ndi pa earth, njira yobwezera moto kudzera m'chitsulo cha galimoto. Thupi la galimoto ya zaka makumi asanu ndi limodzi lili ndi dzimbiri, penti wopakidwa kangapo ndi fila, ndiye nyale yongomangidwa pa madigadi siipeza njira yobwezera moto. Motowo umadzera m'babu lina, n'chifukwa chake mumaona indiketa ikuphethira limodzi ndi nyale yakumbuyo, kapena ikuzimiratu mukaponda buleki. Palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani waya wakuda wa nyale iliyonse ndi bawuti, kenako pakani girizi pamwamba kuti dzimbiri lisabwerere.

Flasher yachikale ili ndi kachitsulo komwe kamatentha n'kupindika, ndipo inapangidwira mababu awiri a 21 watts. Babu limodzi likapsa, kaphethiridwe kamasintha kapena nyale imangoyaka osaphethira, ndipo limenelo ndi chenjezo kwa woyendetsa. Indiketa yabwino imaphethira pakati pa ka 60 ndi ka 120 pa mphindi. Mukaika mababu a LED pa flasher yotere musadabwe ikakana, poti amakoka moto wochepa kwambiri moti kachitsuloko sikatentha. Amafuna flasher yawoyawo, komanso ambiri sayaka pa galimoto yomanga (+) kuchitsulo. Ine ndimalangiza mababu wamba, omwe amapezeka pa shopu iliyonse ya zipangizo.

Ena safuna kuboola thupi la galimoto yawo, ndipo ndikuwamvetsa. Nyale zingamangidwe pa tizitsulo togwira pa mabawuti a bampala, osaboola paliponse, ndipo kamkono kakale kaja kasiyidwe pamalo pake. Njira yogwiritsa ntchito babu la buleki ngati indiketa, kudzera pa relay (switchi yoyendera magetsi) ya Lucas DB10, iliponso, koma kuwala kofiira kophethira kumasokoneza madalaivala athu omwe anazolowera lalanje.

Mukamaliza, yesani injini ikulira, nyale zazikulu zili zoyaka, wina ataponda buleki. Imani chapatali kumbuyo masana dzuwa likuswa mtengo, muone ngati mbali iliyonse ikuoneka bwino musanapite nayo kukayezetsa COF.

Wokonza zamagetsi a galimoto,
Limbe