Lipoti la msonkhano: kulira kwa makoswe ndi nkhani ya chibaba

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu lothandiza anthu kusiya mowa ndi chamba,

Msonkhano umene munandituma ku Blantyre unatha bwino, ndipo malisiti a minibasi ndi malo ogona ali kale kwa a Msungichuma. Zotsegulira ndi malamulo a kasamalidwe ka nyama za kafukufuku zili m'fayilo, wofuna awerenge. Chimene alawansi yanu yagula ndi phunziro la kulira kwa makoswe.

Khutu la munthu limalekezera pa 20 kHz (kHz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), pomwe khoswe amalira kupitirira pamenepo. Kulira kwa khoswe wamkulu kuli pawiri. Kwa 22 kHz n'kotalika, kuyambira 0.3 sekondi mpaka masekondi 3, mawu osakwera osatsika, ndipo kumabwera akaona mphaka, akagonja pa ndewu kapena akamva ululu. Kwa 50 kHz n'kwakufupi, kawirikawiri kosapitirira 0.15 sekondi, ndipo kumamveka posewera, pokwerana kapena poyembekezera chakudya. Jaak Panksepp ndi Jeffrey Burgdorf ankakutulutsa pongogirigisha ana a makoswe ndi dzanja. Muubongo njira zake n'zosiyananso. Kwa 50 kumayendera dopamine, mankhwala a muubongo onyamula uthenga, wofika ku nucleus accumbens, kachigawo ka ubongo kokhudza kukoma ndi chilakolako. Mukabaya amphetamine (mankhwala osokoneza bongo) pamenepo kulirako kumachuluka. Kwa 22 kumayendera mankhwala ena a muubongo otchedwa acetylcholine, monga anaonetsera Stefan Brudzynski wa ku Brock University ku Canada.

Gwirani ichi. Khoswe amamuika kachubu mumtsempha wa pakhosi, ndipo akadina kachitsulo m'bokosi mwake cocaine amalowa m'magazi. Poyamba kulira kwa 50 kumachuluka. Pakapita nthawi kumazilala, ndipo ofufuza a ku Rutgers University anapeza kuti m'malo mwake mumabwera kulira kwa 22 kwakufupikufupi. Koma khosweyo akudinabe. Kukoma kunatha kalekale, iye osasiya. Amene anazolowera amayamba kulira kwa 50 akangomuika m'bokosi lija, mankhwala asanalowe n'komwe: malo okhawo adzutsa chibaba. Akamulanda morphine (mankhwala amphamvu opha ululu), cocaine kapena mowa n'kumupemerera kamphepo pakhosi, amalira kwa 22 kuposa mnzake wosamwa.

Ndiye taonani fomu yathu. Imafunsa kuti munthu wamwa mabotolo angati a kachasu sabata ino, basi. Sifunsa ngati mowawo ukumukomerabe kapena akumwa pothawa kunjenjemera kwa m'mawa, chikhalirecho awa ndi anthu awiri osiyana, ndipo wachiwiriyo kusiya mwadzidzidzi kungamugwetse khunyu. Ngofunika kuchipatala, osati ulaliki. Sifunsanso njira imene amadutsa pochokera kumunda wa nzimbe ku Nchalo kapena kumsika wa Bangula, ngati ikudzera pakhomo pomwe amatchezera. Munthu si khoswe, ndikudziwa. Koma nkhani ya malo ndi imene ena a ife takhala tikuikuwa pofuna kuti tiziyendera anthu kumakomo kwawo, ndipo ndalama ya mafuta a njinga yamoto imene inagula matisheti sinafotokozedwebe mpaka lero. A Wapampando, ndaibweretsanso dala.

Kulira kumeneku sikunena zonse. Morphine sachulukitsa kulira kwa 50 nthawi zonse ngakhale makoswe amamufuna, choncho khoswe kukhala chete sindiye kuti alibe chibaba. Makoswe ena ngolongolola chibadwire, ena ngofatsa. Muyenera kujambula aliyense asanalawe mankhwala kuti muzimuyerekeza ndi iye mwini. Mu 2010 a ku McGill University anagawa kulira kwa 50 m'mitundu 14, ndipo amphetamine amachulukitsa makamaka kwa mawu onjenjemera. Wongowerenga chiwerengero chonse aphonya zimenezo.

Zida zake: maikolofoni yomva mawu apamwamba, yopachikidwa pamwamba pa khola, ndi kabokosi kotengera mawuwo ku kompyuta pa liwiro la 250 kHz, kutanthauza kuwatapa ka 250,000 pa sekondi. Lamulo lake n'lakuti chojambulira chimagwira mawu olekezera pa theka la liwiro lake. Foni imajambula pa 44.1 kapena 48 kHz, ndiye imathera pa 22 kapena 24; kulira kwa 50 sikulowa n'komwe. Ola limodzi pa maikolofoni imodzi limadya pafupifupi 1.8 GB. Zimene zimaononga ntchito n'zazing'ono: utuchi khoswe akamapalasa, makiyi olira m'thumba, kampope ka botolo la madzi, zonsezi zimatulutsa phokoso lapamwamba. Pulogalamu ya DeepSqueak, yochokera ku University of Washington mu 2019, imasanthula mawu ngati zithunzi, komabe nthawi zina imatenga phokoso la utuchi n'kuliyesa kulira, choncho munthu ayenera kuonanso ndi maso. Makoswe awiri akakhala khola limodzi, kudziwa amene walira n'kovuta.

Msonkhano unagwirizana kuti gulu lililonse lilembe pempho la zida zimenezi. Ine ndinakana, ndipo ndikukupemphani mukane. Makoswe a kafukufuku ndi a mtundu wa Rattus norvegicus, monga Wistar ndi Sprague-Dawley, obadwira m'nyumba yozizira madigiri 20 mpaka 24. Athu a m'nkhokwe ndi m'denga ambiri ndi Rattus rattus, ndipo wogwidwa pamsampha adzangotionetsa mantha. Ku Ngabu mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Magetsi akathima masana, makoswe ogulawo ndi kafukufuku yemwe zathera pomwepo. Nanga chilolezo chosunga cocaine ndi opaleshoni ya kachubu achita ndani? Imeneyo ndi ntchito ya mayunivesite.

Gawo lomaliza linali la kalembedwe ka malipoti, zomwe timazidziwa kale. A Mlembi, pa ajenda ya msonkhano ukubwerawu ikanipo mafunso awiri owonjezera pa fomu, m'Chichewa ndi m'Chisena, ndiponso nkhani ya mafuta ija, ndi malisiti ake patebulo.