Kalata ya ku Ulongwe: mwana wathu ndi dongo

Wokondedwa Nachisale,

Kuno ku Angónia tadzuka, ngakhale chisanu cha Juni chikutilowa m'mafupa. Kaya iwe ku London? Mbatatesi tikukumba, koma lero sindilemba zakumunda. Ndi za mwana wanga wamkazi uja unamusiya ali kumsana. Wamaliza sekondale, ndipo masiku ano amaswera kwa agogo ake kuumba mbiya. Bambo ake sizikuwasangalatsa. Akuti munthu wophunzira sangamakande dongo ngati wosowa chochita.

Mwanayo ndiye anandionetsa pa foni mitsuko ya mayi Magdalene Odundo, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione. Mayiwa anabadwira ku Nairobi mu 1950, napita ku England mu 1971 kukaphunzira zojambula. Ali ku sukulu ya ku Cambridge mtima unatembenukira ku dongo. Chimene chinandigwira ndi ichi: luso lenileni anabwerera kudzalitenga kuno ku Africa. Mu 1974 anapita ku Abuja wakale (lero amati Suleja), ku Nigeria, kukakhala pansi ndi amayi oumba, mmodzi mwa iwo Ladi Kwali, amene chithunzi chawo chili pa ndalama ya 20 naira. Kenaka anamaliza maphunziro ku Royal College of Art mu 1982, nakhala pulofesa wa zoumba ku Farnham, ku England komweko, mu 2001. Mu 2018 anawasankha kukhala chansela wa University for the Creative Arts.

Koma mnzanga, ukaone kaumbidwe kawo! Sapota dongo pa makina ayi. Amaumba ndi manja, kusanjikiza dongo pang'onopang'ono, monga tinkaonera amayi ako pansi pa mtengo wa mango paja. Akatero amakulungiza ndi nkhulungo mpaka mtsuko kunyezimira popanda utoto wagalasi. Akawotcha mpweya ukulowa bwino, mtsuko umatuluka wofiira. Akawotchanso motsekera kuti utsi uzingozungulira momwemo, umada bii. Nditawafotokozera agogo zimenezi anangogwedeza mutu, n'kundilozera mawanga akuda pa nkhali yawo, pamene nkhuni zinatsamira powotcha. Akuti izo anazidziwa asanathe msinkhu.

Zinandiwawa, Nachisale. Nzeru yomweyo kwina ikuphunzitsidwa ku yunivesite, kuno ife tikuinyenyerera mtengo pamsika, n'kukagula chigubu chapulasitiki chimene madzi ake amafunda dzuwa likangokwera. Inenso mtsuko wanga ndinausiya kuseri kwa nkhokwe. Ndautulutsa sabata yatha.

Ngakhale kwathu konkuno ku Mozambique tili nawo mayi Reinata Sadimba, Mmakonde wochokera ku Mueda, amene anaphunzira kwa mayi awo ndipo zoumba zawo zatchuka kuchokera ku Maputo mpaka kunja. Bambo ake a mwana ndawauza zonsezi. Sanayankhe, koma dzulo anabwereka ngolo yokatengera dongo kudambo.

Tsono pempho langa ndi ili. Ina mwa mitsuko ya mayi Odundo imasungidwa ku Victoria and Albert Museum, mumzinda wako momwemo. Tsiku lopuma upiteko, ukafunse, ndipo ukaipeza ukajambule pafupi, makamaka khosi ndi mlomo. Agogo akufuna kuona momwe amapindira mlomowo osang'aluka, poti pa chithunzi cha pa foni maso awo sakuona bwino. Akuti ayesere dongo likadali lofewa.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
Nankhoma