Tisamanamizire Ayuda pa guwa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa kachizolowezi kena komwe kakundiwawa mumtima. Alaliki ambiri akafuna kuonetsa kukoma kwa chisomo amayamba atenga Ayuda nkuwasandutsa chitsanzo cha nkhanza, amvekere awo ndi a diso kulipa diso, anthu a malamulo okhaokha opanda chifundo. Ineyo ndine Mkhristu koma zimenezi sizoona abale, ndipo ana athu akukula akumva bodza limeneli.

Vuto ndi loti ambirife timaganiza kuti Chiyuda ndi Chipangano Chakale basi, ngati kuti anthuwa anaima pa Malaki. Aroma atagwetsa kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70 nsembe za nyama zinathera pomwepo, lero simungamuone Myuda akukoka nkhosa kupita nayo ku sunagoge. Aphunzitsi awo, marabi, anasonkhana m'tauni ya Yavne nkuimikanso chipembedzo pa pemphero, kuphunzira Torah (malamulo a m'mabuku asanu a Mose) ndi ntchito zachifundo, nde ziphunzitso zomwe ankapatsirana pakamwa zinadzalembedwa cha m'ma 200 mu Mishnah, pambuyo pake kunabwera Talmud momwe marabi amatsutsana pa tanthauzo la lamulo lililonse. Mu Talmud momwemo, gawo la Bava Kamma, za diso kulipa diso zija anazimasulira kuti ndi chipukuta misozi cha ndalama. Wovulaza mnzake alipire chilemacho, ululu, mankhwala, masiku omwe mnzakeyo wakhala osagwira ntchito komanso manyazi omwe wamuchititsa. Zokolowolana maso mulibemo.

Ndiye pali Sabata lomwe timalinena ngati ndende. Kwa iwo limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa, mayi amayatsa makandulo, patebulo pali chikho cha vinyo chodalitsira tsikulo ndi mikate iwiri yotchedwa challah atayivindikira ndi kansalu, iwiri pokumbukira mana aja Aisraeli ankatola a masiku awiri m'chipululu tsiku loti mawa ndi Sabata, makolo nkusanjika manja pamutu pa ana awo mmodzimmodzi kuwadalitsa. Zoona pali mitundu 39 ya ntchito yoletsedwa ndipo Ayuda a Orthodox, osunga malamulowa mosamalitsa, sayendetsa galimoto olo kugwira foni mpaka nyenyezi zitatu zitaoneka Loweruka madzulo, pomwe ambiri a gulu la Reform, lomwe linafewetsako malamulowa, safika pamenepo. Koma chomwe alaliki athu satchula ndi pikuach nefesh, mfundo yoti moyo wa munthu ukakhala pa chiswe Sabata limayamba ladikira. Mayi wayamba kumva kupweteka kwa uchembere, mwana wakomoka, Myuda yemweyo wosunga Sabata amalizitsa galimoto kuthamangira kuchipatala ndipo akazengereza ndiye kuti walakwa. Amazitenga pa Levitiko 18:5, kuti malamulowo anaperekedwa kuti munthu akhale nawo ndi moyo, osati afe nawo. Kodi amenewa ndi anthu opanda chifundo?

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi Yom Kippur, tsiku lachitetezero. Amasala pafupifupi maola 25 osadya osamwa ngakhale madzi, kupatula odwala ndi ana aang'ono, koma Mishnah imanenetsa kuti tsikuli silifafaniza zomwe walakwira mnzako pokhapokha utapita kwa mwini wakeyo kukapepesa. Ndiye masiku khumi ochokera pa chaka chawo chatsopano, Rosh Hashanah, anthu amakhala akufunafunana, kubweza zomwe anatenga, kupempha chikhululuko maso ndi maso. Ife angati timagwada kulapa kwa Mulungu kwinaku amene tinamudyera ndalama tikumulambalala panjira?

Sindikunena kuti timakhulupirira zofanana ayi. Iwo savomereza kuti Yesu ndi Mesiya, za Utatu Woyera kwa iwo kulibe, m'mawa ndi madzulo amanena pemphero la Shema la pa Deuteronomo 6:4 kuti Mulungu ndi mmodzi, ndiponso sayenda khomo ndi khomo kukopa anthu kuti alowe Chiyuda. Kusiyanako kulipo ndipo tizikunena poyera, koma kusiyana ndi munthu sikutipatsa ufulu womusemera chinyau. Ku Ulaya maulaliki onyoza Ayuda anamveka zaka mazanamazana, ndipo nthawi ya Hitler Ayuda okwana 6 miliyoni anaphedwa anthu ambiri obatizidwa ali chete. Mpingo wa Katolika mu 1965 unatulutsa chikalata cha Nostra Aetate chokana zoti Ayuda onse aziimbidwa mlandu wa imfa ya Yesu, nanga ifeyo tikubwerezeranji zomwe ena anazisiya kalekale?

Pempho langa lipite kwa oyendetsa masukulu ophunzitsa abusa, chonde ikanimoni phunziro la Chiyuda chomwe chilipo lerochi, ophunzira awerengeko ngakhale zigawo zochepa za Mishnah asanadzozedwe. Nanunso akonzi, pa tsamba la zachipembedzo muzitipatsako nkhani zoterezi.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa