Za nyali ya buluu ija unaidutsa

Mwana wanga wokondedwa,

Chichezereni pafoni Loweruka lija, mtima wanga sunakhale pansi. Nkhani ija unaikamba mothamanga, ngati yosafunika: kuti unatuluka mu labu usiku kwambiri, kuti mwamuna wina anakulondola kuchokera pamasitepe mpaka kumalo oimika magalimoto, ukaima nayenso n'kuima. Kenako unati, "Koma palibe chomwe chinachitika, Ababa." Nditakufunsa ngati panalibe pafupi mlongoti wa nyali ya buluu, uja wokhala ndi batani loitanira alonda, unati unalipo, unauyang'ana ndithu, koma unaopa kuvutitsa alonda ndi nkhani yopanda umboni. Mawu amenewo ndiwo andigwiritsa cholembera. Pafoni ndikanakweza mawu, iwe n'kusintha nkhani monga umachitira.

Ukudziwa kuti zaka zambiri za ntchito yanga ndinazithera m'chipinda cha alonda, usiku, ndikuyankha mafoni ochokera m'milongoti yomweyo. Ndilole ndikuuze zomwe zimachitika mbali yathu munthu akadina batani lija. Palibe nambala yoti ukumbukire, palibe chonyamula n'kuika kukhutu. Ukangodina kamodzi, nyali yapamwamba imayamba kuthwanima moti aliyense pabwalopo amacheuka, foni imalira kwa mlonda, ndipo patsogolo pake pamatuluka nambala ya mlongotiwo ndi malo ake. Ine ndinkadziwa pomwe munthu waima asanatsegule n'komwe pakamwa. Mumalankhulana pasipika, manja ako ali omasuka, ndipo ngakhale utalephera kutulutsa mawu, mlonda amamva zomwe zikuchitika pamenepo. Milongoti ina ili ndi kamera, ina imayendera sola ndi batire kotero kuti magetsi akazima iyo imakhala ikuyakabe. Batani analiika m'munsi dala kuti wa panjinga ya olumala alifikire, ndipo pambali pake pamakhala zilembo za Braille za anzathu osaona. Anthu anakhala pansi n'kuganizira zonsezi kuti wina aliyense athe kudina. Iwe sunasiyidwe kunja.

Ndikudziwa yankho lako: "Foni ndili nayo." Uli nayodi, koma tamvera. Wachifwamba chinthu choyamba chomwe amatsomphola ndi foni yomweyo. Tsiku lomwe waweruka mochedwa ndi lomwenso batire yake imakhala itatsala pang'ono kutha. Ndiye pali malo oimika magalimoto a nsanjika zambiri aja, makamaka apansi panthaka, komwe makoma a konkire amatchinga netiweki, ndipo foni imalephera kusonyeza bwino pomwe uli. Koma chachikulu n'chakuti munthu wogwidwa ndi mantha lilime limamulemera. Ndinamvapo anthu ophunzira bwino, oimba pafoni yam'manja, akulephera kunditchulira nsanjika yomwe ali. "Ndili pafupi ndi chipilala," amatero, pomwe zipilala zilipo zambirimbiri ndipo zonse n'zofanana. Mphindi zomwe timataya pofunsana kuti "muli pati, mukuona chiyani" ndi zomwe mlongoti umapulumutsa.

Netiweki nayonso imagwa, ngakhale kumayiko olemera. Mu December 2018 mizere ya kampani ina ya mafoni itasokonekera ku America, nambala ya 911 yoitanira thandizo pangozi inasiya kugwira m'madera ambiri. Mumzinda wa Boston moto utabuka m'nyumba ina, munthu anathamangira kabokosi kakale ka m'mbali mwa msewu n'kukoka chogwirira chake, ozimitsa moto n'kufika. Mabokosi amenewo anayamba kugwira ntchito mu 1852, ndipo amatumiza uthenga pawaya ngati telegalamu. Anthu ankawadutsa tsiku ndi tsiku ngati zokongoletsa msewu, mpaka linafika tsiku lomwe china chilichonse chinakhala chete.

Tsopano za manyazi ako. Mwana wanga, mafoni ambiri omwe ndinayankha sanali a zoopsa. Wina waiwala pomwe anaimika galimoto, wina batire ya galimoto yamuthera, ena ndi ana asukulu oledzera ongofuna kumva ngati chinthucho chimalankhuladi. Oledzerawo ankanditopetsa, sindikana. Koma munthu wonena kuti "pepani, mwina palibe kanthu, koma pali wina akunditsatira," ameneyo sindinamuonepo ngati wonditayitsa nthawi ngakhale tsiku limodzi. Ndinkatumiza mnzanga, n'kupitiriza kumulankhulitsa mpaka nditamva mawu a mlondayo pasipika. Nthawi zambiri wolondolayo ankangoona kuthwanima kwa nyali n'kukhota. M'mawa tinkalemba m'buku kuti palibe chinachitika, ndipo limenelo ndilo lipoti lomwe tinkalikonda kuposa onse. Malipoti omwe ankatisowetsa tulo ndi a munthu wobwera m'mawa nkhope itatupa, akunena kuti mlongoti anauona koma anaganiza kuti nkhani yake sinakule mokwanira. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Umboni usakudetse nkhawa, kuufufuza ndi ntchito ya alonda. Yako ndi kunena kuti mtima wako wakana.

Usaganizenso kuti batani lija n'la achifwamba okha. Usiku wina mtsikana anadina akulira kuti bambo wina wagwa pakati pa magalimoto ndipo sakupuma. Ubongo ukasowa mpweya umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi zinayi mpaka zisanu ndi imodzi. Ndinamuuza pasipika kuti agwade, aike manja pakati pa chifuwa, akankhe mwamphamvu osalekeza, ine ndikumuwerengera, uku mnzanga akuitana ambulansi. Anatha kutero chifukwa manja ake onse awiri anali omasuka. Tsiku lina wofuna thandizoyo sadzakhala iwe, adzakhala munthu wosamudziwa, ndipo iwe ndiwe udzakhale pafupi.

Chomwe ndikukupempha n'chapafupi. Sabata ino, masana dzuwa likuswa mtengo, yenda njira yomwe umadutsa usiku, kuchokera pakhomo la labu mpaka pagalimoto, n'kuwerenga milongoti yonse. Uone uti uli kuseri kwa mtengo, uti uli pafupi ndi chikepe, uti uli pakona ya masitepe. Maso a munthu wamantha sasaka chinthu chatsopano, amathamangira chomwe akuchidziwa kale. Poimika galimoto m'mawa, uzikumbukira kuti udzaipeza kuli mdima, choncho sankha malo oyandikana ndi mlongoti ndi nyali, ngakhale pakhale patali pang'ono ndi khomo. Makiyi azikhala m'manja usanatuluke, mahedifoni azikhala m'chikwama. Ndipo wina akamakulondola, dina koma usaime n'kumadikira pamenepo ngati ali pafupi. Nena mawu awiri atatu, pitiriza kulowera komwe kuli anthu ndi kuwala, ukapeza mlongoti wina udinenso. Ife m'chipinda muja tikaona nambala zikuyaka motsatizana, timadziwa komwe ukulowera. Funsanso ngati alonda a pamalo panu amaperekeza anthu usiku, poti mayunivesite ambiri amatero, ndipo ambiri safunsa chifukwa cha manyazi omwewo.

Sindikufuna kukunamiza kuti mlongoti ndi mpanda wachitsulo. Ulibe manja, sugwira munthu, umangoitana. Ndipo umatha kufa uli chiimire. Pali usiku umodzi womwe sindinakuuzepo. Mnyamata wina analandidwa chikwama kumapeto kwa malo oimika magalimoto, anamumenya, iye n'kukwawira pamlongoti, n'kudina kambirimbiri. Ine ndinali pantchito, foni ili pambali panga, sinalire. Madzi a mvula anali atalowa m'bokosi n'kuwononga waya, koma nyali yapamwamba inkayakabe bwinobwino, ndiye aliyense ankaona ngati zonse zili m'malo. Panali patapita masabata osauyesa. Mnyamatayo anachira, koma mawu ake akuti "ndinakuitanani, simunayankhe" ndimawamvabe mpaka lero. Kuyambira pamenepo ndinkazungulira ndekha n'kumadina uliwonse, mnzanga akuyankha mkati. Ndiye ukaona nyali yozima, batani lothyoka, kapena pepala lomatidwa loti sukugwira ntchito lomwe lachita kusuluka ndi dzuwa, kanene ku ofesi ya achitetezo, ndipo ubwererenso kukafunsa ngati akonza. Uwafunse kuti amaiyesa kangati.

Kufunsa koteroko si mwano. Mu April 1986 mtsikana wa zaka 19, Jeanne Clery, anaphedwa m'chipinda chake chogona pa Lehigh University ku Pennsylvania. Womuphayo, yemwenso anali wophunzira pomwepo, analowa kudzera m'zitseko zomwe zimayenera kudzikhoma zokha koma anthu anazitsekereza kuti zikhale zotsegula. Makolo ake atazindikira kuti pasukulupo panachitikapo zachiwawa zambiri zomwe iwo sanauzidwe, sanakhale chete, mpaka mu 1990 dziko la America linakhazikitsa lamulo lomwe lero limadziwika ndi dzina la mwana wawo. Lamulolo limakakamiza masukulu a ukachenjede olandira thandizo la boma kufalitsa chaka chilichonse milandu yochitika pamalo awo. Chomwe chimandikhudza pankhaniyi n'chakuti loko analipo, wabwinobwino, koma chizolowezi cha anthu chinamulanda ntchito. N'chimodzimodzi mlongoti wosayesedwa, n'chimodzimodzinso mlongoti womwe munthu akuudutsa chifukwa cha manyazi.

Ukamva ena akunena kuti milongotiyi yatha ntchito, kuti masukulu ena anaizula poti siidinidwa kawirikawiri ndipo kuisamalira n'kodula, usawatsutse mwaukali, ali ndi mfundo zawo. Koma ine amene ndinakhala mbali inayo ya waya sindingavomere kuti aichotse pansi panthaka, kapena kunjira zakutali komwe munthu amayenda yekha. Chozimitsira moto chimatha zaka chili pakhoma osakhudzidwa, koma palibe amachitaya chifukwa cha zimenezo.

Chomaliza, ndipo ichi usachedwe nacho. Pita mawa ku ofesi ya alonda ukanene za mwamuna uja: tsiku, nthawi, pomwe anayambira kukulondola, zomwe anavala. Makamera sasunga zithunzi mpaka kalekale, pakapita masiku zatsopano zimafufuta zakale. Mwina si iwe wekha amene wamuona, ndipo mawu ako akhoza kulumikizana ndi a wina. Ngati ukuona kulemera kupita wekha, tenga mnzako wa mu labu.

Mayi ako sindinawauze zonse, ndasiyira iwe kuti uwafotokozere wekha. Akupereka moni wambiri. Ukaimba Lamlungu, ndikufuna undiuze kuti milongoti wapeza ingati, ndi kuti wapafupi ndi galimoto yako uli ndi nambala yanji.

Ndine,
Bambo ako