Makomiti a m'madoko azimvedwa, asamangolanda maukonde

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya makomiti oyang'anira usodzi kuno kuchigwa cha Shire. Ine ndine mayi wowamba nsomba. Ndimagula makakana ndi milamba padoko lina kufupi ndi Bangula, n'kukagulitsa ku Ngabu ndi ku Nchalo, zikachuluka mpaka ku Limbe. Ndinenso mlembi wa komiti ya padoko pathu, imene ambiri amangoitchula kuti BVC. Dandaulo langa ndi lakuti makomitiwa anabwera kuti aziyendetsa usodzi pamodzi ndi boma ndi kulilangiza, koma ntchito imene yatsala m'manja mwathu ndi yolanda maukonde basi. Malamulo amatsika zitunda za Chikwawa n'kutipeza, pamene mawu athu amathera pa Thabwa, patsinde pa zitundazo.

Maganizo oyambitsa makomitiwa anali abwino, ndipo sindikuwanyoza. Anayambira ku nyanja ya Malombe m'chaka cha 1993, chambo chitatha kumeneko, boma litaona kuti palokha silingalondere madzi onse. Mu 1997 kunabwera lamulo loteteza ndi kuyendetsa usodzi, limene linapatsa anthu a m'midzi mbali pa ntchitoyi, komanso linakhazikitsa bungwe lolangiza boma lotchedwa Fisheries Advisory Board. Pamapepala zonse zilipo. Koma nzeru zambiri za m'mapepalamo zinabadwira kunyanja, poganizira chambo ndi makoka a m'mphepete mwa mchenga. Kuno tili m'dambo la Elephant Marsh.

Amene sanafikeko kuno ayenera kumva bwino mfundo imeneyi. Mathithi a pakati pa Shire, otsiriza ake ali pa Kapichira, amalekanitsa nsomba zathu ndi za kunyanja. Zathu ndi za mtundu wa ku Zambezi. Moyo wake uli pa kusefukira kwa madzi. Mvula ikagwa kumtunda, Shire n'kudzaza, Ruo ndi Mwanza n'kuwonjezera, madzi amalowa m'maudzu ndipo mlamba umatsatira madzi atsopanowo kukaikira mazira. Ana ake amakulira m'maudzu momwemo, mmene muli chakudya ndi pobisala. Makakana amakumba zisa pamalo osaya, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa. Mukaigwira nthawi imeneyo mwapha mazana a nsomba ndi dzanja limodzi. Madzi akayamba kuphwa, nsomba zimabwerera mumtsinje ndi m'matamanda akuya, kumene zimadikira chaka china.

Tsono kusefukirako sikuyendera kalendala. Chaka china madzi amafika Khirisimasi isanakwane, chaka china timadikira mpaka Febuluwale. Munthu amene akulemba tsiku lotseka ndi lotsegula ali mu ofesi akhoza kutseka dambo mlamba usanayambe kukwera, n'kulitsegula tiana tikadali ngati chala. Amene amadziwa sabata imene madzi alowa m'maudzu ndi msodzi wa bwato ndi chavi, ukonde woponya uja. Amene amadziwa kuti nsomba zadzaza mazira ndife amayi, chifukwa ndife timazitumbula m'mawa uliwonse. Timadziwanso kuti makakana amene tikuyanika pa waya masiku ano ndi ang'onoang'ono poyerekeza ndi amene amayi anga ankawamba. Umboni umenewu uli m'manja mwathu tsiku ndi tsiku, koma palibe buku limene umalembedwamo n'kupita kwa olangiza boma.

Tinaitanidwako kumsonkhano wina ndi alendo ochokera kumtunda, amene anati akufuna maganizo athu. Tinakonzekera ndithu. Madzulo ake tinakhala pansi ndi asodzi akuluakulu, n'kugwirizana mfundo ziwiri: kuti matamanda ena akuya asamaphedwemo nsomba m'chilimwe chonse, komanso kuti mipanda ya bango yotchera miono isamatseke njira yonse ya madzi, pazitsala mpata woti nsomba zidutse. Titafika tinapeza pepala lolembedwa kale m'Chingerezi. Anatiwerengera mwachidule, tinasaina, tinalandira ya thiransipoti, n'kubwerera. Mfundo zathu ndinazinena ndithu, anagwedeza mitu, koma mpaka lero yankho silinabwere. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinayenera kukaima pamaso pa madala aja n'kuwauza kuti palibe chimene ndabwera nacho. Kuyambira pamenepo ena a iwo safikanso tikaitana msonkhano.

Nkhani ya maneti a udzudzu sindiibisa. Alipo ambiri m'dambo, ndipo akuwononga, chifukwa amakokolola chilichonse mpaka tiana tosaoneka bwino ndi maso. Komiti yathu imalanda, ndipo ine ndimavomereza. Koma a Mkonzi, taganizirani amene timawalandawo. Madzi a mu Januwale 2015 anakokolola midzi ku Makhanga ndi madera ena. Kenako kunabwera anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Minda yambiri inakwiririka ndi mchenga, ziweto zinapita. Munthu amene sanagwirepo nkhafi chibadwire analowa m'dambo chifukwa ana akulira njala, ndipo chida chimene anali nacho m'nyumba ndi neti imene analandira kuchipatala. Ameneyo ndi mnansi wanga, timapemphera limodzi, maliro timalira limodzi. Ndikamulanda netiyo n'kukhala wopanda chomuuza za mawa, iye amaona ngati komiti ndi mdani wa osauka, makamaka akamaona kuti mwini maukonde ambirimbiri sakhudzidwa. Tikanakhala kuti timamvedwa, tikanalangiza kuti kulanda kuziyenda limodzi ndi njira yoti anthu otere apeze matchera a maso ovomerezeka, ngakhale pa ngongole ya pagulu.

Palinso nkhani yaikulu kuposa maukonde, imene komiti ya padoko singaithe payokha: madzi enieniwo. Kuchuluka kwa madzi a mu Shire kumayendetsedwa pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde, ndipo chimene chimaganiziridwa kwambiri ndi magetsi. Panopa kukukumbidwa ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi pa Kapichira kukathirira mahekitala oposa 40,000. Ulimi wothirira ndikuufuna, inenso ndili ndi munda ndipo dzuwa la kuno ndikulidziwa. Funso langa ndi lakuti pamene akugawa madziwo, ndani amakhala pamenepo kulankhulira dambo? Dambo la Elephant Marsh linalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, wa Ramsar, mu 2017, lachiwiri m'Malawi muno pambuyo pa nyanja ya Chilwa, ndipo kukula kwake ndi mahekitala oposa 60,000. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma dambo likasiya kusefukira pa nthawi yake, kapena likadzaza ndi matope ochokera m'mapiri odulidwa mitengo, nsomba zidzatha ngakhale titawotcha neti iliyonse ya udzudzu. Namasupuni nayenso amatseka njira za mabwato, ndipo ndife timayamba kuona kumene wafalikira.

Kumunsi kwa Chiromo mtsinje ndiwo malire athu ndi Mozambique. Tikatseka tsidya lino lokha, tsidya linalo n'kumapha, asodzi athu amangotiseka. Izi zimafuna akuluakulu a mayiko awiriwa akambirane, ndipo sangayambe ngati palibe wowauza.

Ena amati anthu a kumudzi sangasunge lamulo lodziikira okha. Apite akaone pa chilumba cha Mbenji ku Salima. Kumeneko ufumu wa a Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, n'kutsegula mu Epulo, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulolo ndi lawo, analiona likubala zipatso. Kunonso tili ndi mafumu amene mawu awo amalemera, a Lundu, a Tengani, a Mlolo, a Makhuwira ndi ena. Atagwirizana ndi makomiti za matamanda osungira nsomba, boma n'kuikapo chidindo chake, ndikukhulupirira kuti anthu angasunge kuposa mmene amasungira lamulo lobwera pa galimoto.

Choncho ndikupempha a nthambi ya zausodzi ndi aphungu athu a ku Chikwawa ndi Nsanje kuti m'bungwe lolangiza boma lija muzikhala munthu wosankhidwa ndi makomiti a kuchigwa kuno, wodziwa dambo, ndipo mawu a amayi owamba ndi kugulitsa nsomba azimveka mmenemo. Munthu yemweyo aziitanidwanso pamene akukambirana za kagawidwe ka madzi a mu Shire. Zimene timalemba m'mabuku athu a misonkhano ziziwerengedwa, ndipo tiziyankhidwa polemba, m'Chichewa kapena m'Chisena, ngakhale yankho litakhala lokana, bola atiuze chifukwa chake kuti tikhale ndi chokafotokozera anthu. Za matamanda ndi mipanda ya miono zija tikufuna tikambirane mvula isanagwe, pamene misewu ya ku East Bank ikadali yodutsika ndipo anzathu a kumeneko angathe kufika.

Mlembi wa komiti ya padoko,
Bangula, Nsanje