Kupanga timasitima tankhondo takale si masewera a ana

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhuleko za luso lina lamanja limene anthu akaliona amangoti ndi zidole, lopanga timasitima tankhondo takale potsata mapulani ake enieni. Ineyo ndimapanga zimenezi madzulo ndikaweruka, ndi katoni yolimba, zidutswa za pulayiwudi, waya wa kopa ndi guluu, ndipo ndikufuna makolo ndi aphunzitsi adziwe kuti m'menemu muli masamu komanso mbiri yambiri.

Tengani HMS Dreadnought, sitima yankhondo ya pamadzi ya ku Britain. Anayamba kuimanga ku Portsmouth mu October 1905, pofika February 1906 inali italowa kale m'madzi. Masitima a m'mbuyo mwake, monga Mikasa ya ku Japan imene inamenya nkhondo ya ku Tsushima mu 1905, ankanyamula mizinga ikuluikulu inayi basi kwinako n'kusakaniza ing'onoing'ono, ndiye vuto linali loti poombera patali umayang'ana pamene chipolopolo chagwera m'madzi kuti ukonze kalozedwe, koma mizinga ikakhala yosiyanasiyana sudziwa kuti madzi athovokawo ndi a mzinga uti. Admiral John Fisher, mkulu wa asilikali a pamadzi a ku Britain, ndi komiti yake anati ikuluikulu ikhale saizi imodzi, mizinga 10 ya mainchesi 12, iwiriiwiri m'timanyumba tachitsulo tozungulira tisanu. Anaikanso injini za turbine za Parsons moti inkathamanga pafupifupi makilomita 39 pa ola.

Zonsezi mutha kuziwerenga pa intaneti, koma kumvetsa kwenikweni kumabwera ukagwira rula. Sitimayi inali yotalika mamita pafupifupi 160, ukaichepetsa pa sikelo ya 1:350 imakhala masentimita 46, ndipo munthu woima pamwamba pake amatsala mamilimita asanu okha. Kagawo kalikonse uyenera kuwerengetsa usanadule. Ndiye pomata timanyumba tiwiri ta m'mbali tija, kena kumanzere kena kumanja, umaona wekha kuti ka kumanzere sikangaombere kumanja chifukwa pakati pali zomanga zotchinga, kutanthauza kuti pa mizinga 10 ija, 8 yokha ndi imene inkatha kuloza mbali imodzi. Aku America pa USS South Carolina anaika mizinga 8 yokha koma yonse pamzere wapakati, kanyumba kena kokwezeka kuseri kwa kanzake, ndipo yonse 8 inkaloza mbali imodzi. Kwa ine amenewa ndi amene anaganiza mozama, ndipo masitima a pambuyo pake anatsata njira yawoyo.

Chinanso chimene chimandikhudza ndi mlongoti. Pa Dreadnought mlongoti wa miyendo itatu anauika kumbuyo kwa chumuni yakutsogolo kuti uzithandiza kukweza ndi kutsitsa maboti, pamene pamwamba pake ndi pomwe pankakhala anthu oyang'ana kumene zipolopolo zikugwera. Ukamata chumuni ija kenako n'kuimika mlongoti pafupi pomwepo, sufunanso wina kukufotokozera kuti utsi wotentha wa malasha unkapita kumaso kwa ndani. Ine ndikafika pamenepo ndimapaka kapenti kakuda pang'ono m'miyendo ya mlongotiwo kuti mwaye uoneke, ndipo ndimawamvera chisoni anyamata amene ankakwera kumeneko.

Kufufuza nakonso ndi ntchito payokha, chifukwa sitima imasintha, maukonde otchinga ma torpedo (mabomba oyenda m'madzi) amene anali m'mbali poyamba anadzachotsedwa, timizinga ting'onoting'ono tinasunthidwa, ndiye uyenera kusankha chaka chimodzi n'kumamatira zithunzi za nthawi imeneyo. Dreadnought yeniyeniyo anaigulitsa mu 1921 kuti ikaphwanyidwe, chatsala ndi zithunzi ndi mapulani amene amasungidwa ndi National Maritime Museum ya ku Greenwich. Mikasa yokha ikadalipo ku Yokosuka.

Ana athu amapanga kale magalimoto a waya okhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino, dzanja ali nalo, chimene akusowa ndi munthu wowaonetsa pulani ndi sikelo. Ndipo sitifunika kuyambira kutali. Pa nyanja yathu yomweyi mu August 1914 sitima ya Angelezi yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, inakaombera sitima ya ma Jeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Guendolen inali yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi Dreadnought koma ndi ya nthawi yomweyo, ndipo mzinga wake uli ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi ija. Imeneyi ndi imene ndikufuna kupanga tsopano, choncho ndikupempha aliyense amene ali ndi zithunzi zake zakale, makamaka zojambulidwa cham'mbali ndi chakumbuyo, atumize kudzera kwa inu akonzi, ndipo makalabu a sayansi m'masukulu amene angafune tipangire limodzi anene.

Wowerenga wanu,
Zomba