Amayi akukana kuyankha foni ya mwana wawo

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Dedza. Zomwe zagwa pakhomo pathu zikundisowetsa tulo, chonde ndithandizeni nzeru.

Achimwene anga ali ku Johannesburg, chino n'chaka chachisanu. Lamulungu lililonse madzulo amaimbira amayi pa WhatsApp. Mwezi wathawu, Lachitatu m'mawa, amayi analandira foni pa nambala yachilendo. Mawu ake anali a achimwene enieniwo, ndipo anawaitana ndi mfunda wawo monga amachitira nthawi zonse. Anati apolisi awagwira pa nkhani ya mapepala, foni yawo yalandidwa, ndipo pakufunika K400,000 dzuwa lisanalowe kuti asawatsekere. Anawachondereranso kuti asandiuze ine, ati ndingadwale ndi maganizo.

Amayi ali ndi zaka 68. Anali atangogulitsa mbatatesi zawo. Anatenga ndalama zonsezo, zotsalazo n'kukakongola ku banki m'khonde, kenako ulendo wa kwa ejenti pamsika. Anatumiza ku nambala ya konkuno, poti anauzidwa kuti mwini wake ndi mnzawo wa achimwene amene aziwolotse. Masiku anayi anakhala osadya bwino, ali chete ndi chinsinsi chawocho. Lamulungu litafika, achimwene anaimba akuseka, kufunsa za kumunda. Sanamangidwepo, ndipo sankadziwa kanthu.

Tinakadandaula kupolisi ndi ku kampani ya foni, koma ndalama zinali zitatapidwa kale. Ine ndinkaganiza kuti poti kuyambira 2018 nambala zimalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, wakubayo apezeka msanga. Ndamva kuti akathyaliwa amalembetsa ndi ziphaso za anthu ena.

Mphunzitsi mnzanga wodziwa za makompyuta ndiye anandimasulira. Akuti masiku ano kuli mapulogalamu a AI (nzeru zopangidwa za makompyuta) amene akamva mawu a munthu kwa kanthawi kochepa, amawatengera. Wakuba amalankhula yekha, makinawo n'kumasintha mawu ake kukhala a mwini wakeyo. Anandionetsanso nkhani ya ku Hong Kong ya mu 2024, komwe wantchito wa kampani ina anatumiza madola a ku America pafupifupi 25 miliyoni atachita msonkhano wa pavidiyo ndi mabwana ake, osadziwa kuti nkhope ndi mawu onsewo zinali zopanga. Ngati wophunzira wa mu ofesi anapusitsidwa chonchi, nanga mayi anga a kumudzi akanatani?

Apa ndiye pali bala langa, Azakhali. Achimwene atabwera pa Khirisimasi, analankhula pa chinkhoswe cha mng'ono wathu. Ine ndinawajambula vidiyo yaitali n'kuiika pa Facebook poti aliyense aone, ndipo pansi pake ndinalemba monyadira kuti ndi achimwene a ku Joni. M'vidiyomo amathokoza amayi powatchula mfunda. Patapita miyezi ndinaikanso nambala ya amayi patsamba lomwelo potsatsa mbatatesi. Mawu, mfunda, nambala, zonse ndinaziyala ndekha pamphasa. Ndazichotsa tsopano, koma sindinauze aliyense. Kumudzi anthu ayamba kuloza zala mlamu wanga, mkazi wa achimwene, ati ndiye anapereka nambala. Iye ndi wosalakwa, ndipo ndikamuona akuyenda chozyolika mtima umandiwawa.

Ngongole ya ku banki m'khonde ndiibweza pang'onopang'ono ndikamalandira. Chimene sindingathe kubweza n'chakuti amayi asiya kuyankha foni. Achimwene akaimba, amayi amaiyang'ana ikulira mpaka idule yokha. Ndikawapatsira pa foni yanga amakankha dzanja langa n'kunena kuti, "Tsiku lija ndinamvanso mwana wanga. Lero ndidziwa bwanji?" Achimwene analira pa foni sabata yatha. Ali kutali, kubwera n'kodula, ndipo Lamulungu lija ndi lokhalo linkawalumikiza ndi mayi awo.

Mnzanga uja anati tigwirizane liwu lachinsinsi lodziwa a m'banja okha, ndiponso kuti wina akapempha ndalama mwachangu tizidula kaye n'kumuimbira tokha pa nambala yomwe tikuidziwa. Ine ndi achimwene tavomereza. Koma amayi ndikawayamba nkhaniyi amatuluka panja, chifukwa amaona ngati ndikuwakumbutsa kupusa kwawo, chonsecho sanapuse ayi, anangochita zomwe mayi aliyense angachitire mwana wake.

Ndiye ndichite chiyani kuti amayi ayambenso kulankhula ndi mwana wawo popanda mantha? Nanga za vidiyo ija ndiulule bwanji kuti mlamu wanga ayere, popanda kuwawonjezera amayi chisoni china? Ndiyambe ndauza achimwene paokha, kapena ndiitanitse amalume tikhale pansi tonse?

Ndine mwana wanu wothedwa nzeru,
ku Dedza